Zilembo za mandasi: Cooper Black ndi zikwangwani za pa Limbuli

  Kuno ku Limbuli tilipo, phiri likadali pamalo pake ndipo tiyi akubiriwira monga mwa nthawi zonse.

Lero ndasiya kaye za silabasi ndi za malipiro. Ndikufuna tikambirane nkhani imene ena aiyese yachibwana, nkhani ya maonekedwe a zilembo, zimene anthu a makompyuta amati font. Chimene chandichititsa n'chakuti ambiri mwa inu ana anga mwatsegula timashopu totayipa, tosindikiza ndi topanga fotokope, ndipo ife aphunzitsi ndife makasitomala anu oyamba. Ndiye kuti zimene anthu akuwerenga m'makoma, m'matchalitchi ndi m'makalasi a dera lino zikudutsa m'manja mwa inu ndi ife. Tikasankha bwino zilembo, uthenga umafika. Tikasankha molakwika, pepala ndi inki zapita pachabe, ndipo nthawi zina wovutika ndi mwana wasukulu.

Zilembo zili ngati zovala. Palibe amavala suti popita kudimba, ndiponso palibe amavala kabudula wampira popita kukafunsira mbeta. Mawu angakhale omwewo, koma chovala chimene mwawaveka chimayamba kulankhula munthu asanawerenge n'komwe.

Mtundu umene ndimaukonda kwambiri pa zilembo zokuwa ndi Cooper Black. Ngati pa kompyuta yanu pali Microsoft Office, mwina muupeza pamndandanda wa zilembo mu Word, cha pa C. Ana a kalabu yathu ya zisudzo anautcha "zilembo za mandasi", ndipo dzinali linakhazikika chifukwa likunena zoona. Chilembo chilichonse n'chonenepa, chakuda bii, chofufuma ngati changovuulidwa kumene m'mafuta. Mulibe ngodya yakuthwa. Timiyendo ta kumapeto kwa zilembo, timene mu Times New Roman timaoneka ngati minga, muno n'tobulungira ngati zala za khanda. Kabowo ka mkati mwa o n'kakang'ono ndipo kanapendekera chakumbuyo, ngati munthu amene watsamira mpando atakhuta. Kadontho ka pa i nako si kozungulira kwenikweni, kali ngati nyemba. Pansi pa zilembo sipaphwatalala, choncho mawu amaoneka ngati akugwedezeka pang'ono. Zinthu zing'onozing'ono zimenezi n'zimene zimachititsa kuti zilembo zolemera chotere zisaopseze. Zimakuwa, koma zikumwetulira.

Anazijambula ndi Oswald Cooper, wa ku Chicago ku America, amene anabadwa mu 1879 n'kumwalira mu 1940. Ntchito yake inali yolemba pamanja zilembo za malonda, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali Frederic Goudy, katswiri wina wodziwika pa zilembo. Kampani ya Barnhart Brothers & Spindler ndi imene inatulutsa Cooper Black mu 1922, nthawi imene chilembo chilichonse chinkaumbidwa pa kachitsulo kakekake n'kumasanjidwa pamanja. Pozitsatsa ankaseka kuti n'zoyenera osindikiza oona patali amene makasitomala awo saona patali. Nthabwala imeneyi ili ndi nzeru mkati, chifukwa cholinga chake chinali chakuti ngakhale wamaso ofooka awerenge. Zitatchuka m'zaka za m'ma 1920 zinazilala, kenaka zinadzukanso. Mu 1966 gulu loimba la The Beach Boys linazigwiritsa ntchito pachikuto cha chimbale cha Pet Sounds, ndipo David Bowie anachita chimodzimodzi pa chimbale chake cha Ziggy Stardust mu 1972. Dzina la mphaka wa m'makatuni uja, Garfield, limalembedwa ndi zilembo zomwezi. Kampani ya ndege zotsika mtengo ya easyJet, imene inayamba ku Britain mu 1995, inalemba dzina lake m'mbali mwa ndege ndi Cooper Black. Zaka zoposa 100 zapita, mandasi aja akugulidwabe.

Nanga za ku Chicago zikutikhudza bwanji ife a m'mphepete mwa Muloza? Yendani pamsika wa Limbuli tsiku limene kwadzaza, muyang'ane m'mwamba m'makoma. Magolosale, matiyirumu, zigayo, malo ometera ndi okonzera njinga, onse ali ndi mayina olembedwa ndi penti. Amisiri amene amalemba zikwangwanizi ambiri sanamvepo dzina la Cooper, koma zilembo zawo ndi zake ndi pachibale. Chifukwa chake ndi bulashi. Bulashi yonyowa ndi penti siikonda ngodya yakuthwa, imathera mobulungira, ndipo mmisiri amanenepetsa chilembo kuti dzuwa ndi mvula ya ku Mulanje zisachifafanize msanga. Cooper nayenso anali munthu wolemba pamanja asanapange zilembo za makina. Iye ndi amisiri athu anapeza yankho lofanana chifukwa funso lawo linali limodzi: munthu amene akudutsa, amene sanabwere kudzawerenga, ungamuimitse bwanji?

Ndipo wowerenga wa pa Limbuli ndi wodutsadi. Ali pa njinga atanyamula matumba a chimanga kuchokera kutsidya ku Milange. Ali pa kabaza, kapena wasuzumira pawindo la minibasi mumsewu wa M2. Wina amalankhula Chichewa, wina Chilomwe, wina anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, wina analekezera Sitandade 4. Munthu wotere amapatsa chikwangwani chanu nthawi yongokwana kuphethira kawiri. Zilembo zoonda, zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati, zimamudutsa osaziona. Zilembo za mandasi amaziona angakhale asakufuna.

Tsono malo ake enieni ndi ati? Kusukulu, ine ndimazigwiritsa ntchito pa mitu ya zinthu zosangalatsa: tsiku la masewero, mpikisano wa zisudzo, tsiku loti makolo adzaone ntchito za ana, mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4, dzina la kalabu pa malaya. Pa shelefu ya mabuku a nthano mu laibulale, liwu limodzi loti WERENGA lolembedwa ndi zilembozi limakoka ana a Fomu 1 kuposa ulaliki wanga wonse. N'zosavutanso kuzidula. Mukasindikiza chilembo chimodzi pa pepala lililonse, ana amatha kuchidula ndi sizasi n'kuchimata pa nsalu kapena pa pepala la manila popanda kung'amba, poti mulibe tinsonga toonda. Pa malonda, zimakhala bwino pa chilichonse chodyedwa ndi chosangalatsa: tchipisi, tiyi ndi sikono, nanazi ndi nthochi, saluni, sukulu ya mkaka, chikondwerero cha kwaya. Zimauza wodutsa kuti lowani, muno mulibe ukali, ndipo mitengo yake mukwanitsa.

Koma kuti zigwire ntchito pali malamulo angapo amene ndawaona kuti sasintha.

Loyamba, mawu akhale ochepa. Zilembozi n'za mutu, osati thupi. Mawu awiri, atatu, akachulukitsa asanu. Tsiku, malo, nthawi ndi mtengo wolowera zilembedwe m'munsi ndi zilembo wamba ngati Arial. Pamudzi mfumu imakhala imodzi. Chikwangwani chimene chili ndi mitundu isanu ya zilembo, wina wopindika ngati uta, wina wa mthunzi, wina wa utawaleza, chili ngati msonkhano umene aliyense akulankhula nthawi imodzi.

Lachiwiri, zikhale zazikulu. Mukazichepetsa, timabowo ta mkati mwa a, e ndi o timatsekeka, makamaka pepala likadutsa pa fotokope kawiri kapena katatu, ndipo mawu amasanduka mzere wa timiyala takuda. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wawo wakale wakuti chilembo chotalika inchi imodzi, kapena kuti masentimita awiri ndi theka, chimawerengeka bwino pa mtunda wa mamita atatu. Choncho ngati mukufuna kuti munthu awerenge ali tsidya lina la msewu, pa mamita 15, chilembo chisachepere masentimita 12. Koma muyeso woposa yonse ndi miyendo yanu. Matani pepalalo pakhoma, mubwerere m'mbuyo mpaka pamene wowerenga adzaime, muone nokha. Ngati n'za m'kalasi, funsani mwana wa pa benchi yomaliza.

Lachitatu, musamwaze zilembo. Mandasi amakongola akaunjikana m'beseni. Zilembo za Cooper zimafuna kuyandikana, pafupifupi kukhudzana, kuti liwu lioneke ngati chinthu chimodzi. Ndiponso musazikoke ndi mausi kuti zitalike kapena zifupike, zimapunduka. Kukoma kwake kwambiri kuli mu zilembo zazing'ono, choncho "Tiyi ndi Sikono" amaoneka bwino kuposa kulemba zonse ndi zilembo zazikulu.

Lachinayi, mitundu isiyane kwambiri. Zakuda pa chikasu, zoyera pa buluu wakuda, zofiira pa zoyera. Zofiira pa zobiriwira zimavutitsa maso, ndipo pali anthu ena, makamaka amuna, amene mwachibadwa sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Kumbukiraninso kuti zilembo zonenepa zimamwa inki. Amene mumagula nokha tona mukudziwa ululu wake.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga, malo amene zilembozi siziyenera kupondako.

Oyamba ndi pepala la mayeso. Ndaonapo mapepala a mayeso oyeserera, otayipidwa pa shopu ina imene sinditchula, mafunso onse kuyambira loyamba mpaka lomaliza ali m'zilembo zokongoletsa. Wotayipayo ankafuna kusangalatsa kasitomala. Koma taganizirani mwana amene ali ndi maola awiri, Chingerezi n'chilankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu, pepala ladutsa pa fotokope yotopa, ndipo mwina ali ndi vuto la maso limene makolo ake sanapeze ndalama yokapimitsa. Pa masamu, 3 ndi 8 zikufanana, 1 ndi 7 zikufanana, kadontho ka desimali kamira. Mwana uja akalephera tidzati ndi waulesi, chonsecho theka la mphamvu zake linathera pa kulimbana ndi zilembo. Onani mapepala a MANEB a JCE ndi MSCE: zilembo zake n'zosadzionetsera, ndipo n'zoyenera kutero. Mwana azolowere kuyambira Fomu 1 maonekedwe amene adzakumane nawo tsiku lalikulu. Pa ndime zazitali, chilembo chabwino ndi chimene wowerenga sachizindikira n'komwe. Times New Roman anaipangira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932 kuti anthu aziwerenga mizere yambirimbiri osatopa, ndipo ntchito imeneyo imaigwirabe.

Achiwiri ndi maliro. Masiku ano mabanja ambiri amasindikiza ndondomeko ya mwambo wa maliro kapena wa kuvundukula chiliza, chithunzi cha malemu chili pamwamba. Ana anga a m'mashopu, anamfedwa akabwera kwa inu amakhala osokonezeka, sangakuuzeni za font. Udindo ndi wanu. Dzina la gogo wa munthu lisalembedwe ndi zilembo zimene mwalembera mtengo wa tchipisi dzulo lake. Zilembo zomwetulira pa siwa n'chimodzimodzi kuseka pamaliro.

Achitatu ndi kalata yofunsira ntchito, satifiketi ndi kalata yopita kwa makolo yokhudza mwambo wa mwana. Apa mukufuna kuti akukhulupirireni, osati akusekerereni. Izi zikukhudzanso msuweni wake wa Cooper Black, Comic Sans, amene Vincent Connare anapangira Microsoft mu 1994 potengera zilembo za m'mabuku a makatuni. Pa tchati cha ana aang'ono alibe vuto. Pa kalata yopita kwa bwana amene simunakumanepo naye, akuvulani ulemu musanalowe mu ofesi.

Achinayi ndi chenjezo. Tonse tikukumbuka kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndiponso namondwe wa Freddy amene anatigwetsa misozi kuno ku Mulanje mu Malichi 2023. Masiku amenewo mapepala omata pa mitengo, pa zipata za sukulu ndi pa mijigo anali nkhani ya moyo ndi imfa: madzi awa musamwe, msasa uli uku, mlatho waduka. Chenjezo limafunadi zilembo zazikulu ndi zakuda, koma zowongoka ndi zaukali, ngati Arial Black kapena Impact. Munthu akaliona patali adziwe kuti apa sipoitanira dansi.

Palinso nkhani ina imene mabuku a azungu sangakuuzeni, chifukwa ndi ya chilankhulo chathu. Chichewa chimamanga chiganizo chonse m'liwu limodzi. Pamene mzungu walemba zilembo zisanu ndi ziwiri polandira alendo, ife timalemba Takulandirani, zilembo 13. Cooper Black ndi wotambalala, ndiye liwu limeneli pa saizi 72 limadzaza pepala la A4 loimirira kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Apa ambiri amagwa m'mayesero awiri: kufinya zilembo mpaka zitaonda, kapena kudula liwu paliponse pamene malo athera. Njira yabwino ndi kugoneka pepala cham'mbali, kapena kusankha liwu lalifupi, monga Lowani kapena Fikani. Ngati kudula sikungapeweke, dulani potsata maphatikizo monga tinaphunzirira ku pulayimale. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: ta-ku-la-ndi-ra-ni. Choncho ndi Takula- kenaka ndirani, osati Takulan- kenaka dirani. Kompyuta sidziwa zimenezi, imadula mwa Chingerezi. Wodziwa ndinu.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timaika mu ng'ombe, ng'ona ndi pang'ono. Pa zilembo zonenepa zoyandikana, kameneka kamapanikizika pakati pa g ndi chilembo chotsatira, ndipo olemba ena amangokasiya poganiza kuti n'kokongoletsa chabe. Si kokongoletsa ayi. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Gulu la gule likalemba kuti likugulitsa ngoma, a zanyama zakutchire ali ndi chifukwa chodzafunsa mafunso. Kapatseni mpata kachizindikiroka kuti kapume, kaoneke.

Chachitatu ndi ŵ wa kadenga, amene ife a zaka za m'ma 40 tinakula tikumuona m'mabuku a Chichewa ndi m'dzina la Malaŵi. Lero ambiri tinamusiya, koma anzathu olemba Chitumbuka ndi mabuku ena a mapemphero amamugwiritsabe ntchito. Mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa ilibe chilembo chimenechi. Mukachitayipa, kompyuta imakabwereka ŵ woonda ku mtundu wina n'kumuika pakati pa zilembo zonenepa, kapena imangoika kabokosi. Musanalonjeze kasitomala, tayipani kaye liwu lokhala ndi ŵ muone chimene chituluke.

Zimenezi zimandifikitsa pa funso limene ndimafunsa ana a Fomu 3 chaka chilichonse: n'chifukwa chiyani zilembo zonse za pa kompyuta zathu zinajambulidwa ndi anthu amene sanamvepo liwu loti ng'ombe? Sikuti kuno kulibe anthu oganiza za zilembo. A Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga kalembedwe kawokawo ka zilankhulo za m'Malawi, ndipo anakaonetsa kwa anthu mu 1997. Ku Zimbabwe, a Saki Mafundikwa anatsegula sukulu ya luso lojambula ku Harare ndipo mu 2004 anatulutsa buku la Afrikan Alphabets lofotokoza kalembedwe kosiyanasiyana ka mu Africa. Mayi wina wa komweko, Taurai Valerie Mtake, anajambula zilembo zonenepa zobulungira zotchedwa Madimi One potengera zizindikiro za kummwera kwa Africa, ndipo zikupezeka mwaulere pa Google Fonts. Ngati zatheka ku Harare, chingaletse n'chiyani kuti mwana wa ku Limbuli adzajambule zake?

Poyambira pake pali pafupi, m'makoma a pamsika pomwepa. Zikwangwani zosindikiza pa pulasitiki zikuchuluka, ndipo amisiri a bulashi ntchito ikuwachepera. Sindikudana ndi makina, inenso ndimawagwiritsa ntchito. Koma pulasitiki ikapsa ndi dzuwa imasuluka n'kung'ambika, pamene khoma lolembedwa bwino limangofuna kulidzozanso penti. Ndipo mmisiri akamwalira osasiya wophunzira, kalembedwe kake kamapita naye kumanda. Mmodzi amapinda mchira wa y mwa njira yakeyake, wina amaika mthunzi wofiira kumanja kwa chilembo chilichonse, moti anthu a pamsika amadziwa dzanja la aliyense popanda kuona dzina. Chimenecho n'chuma, ngakhale sichinalembedwe m'buku lililonse.

Choncho ndili ndi mapempho awiri. Kwa aphunzitsi anzanga: sukulu ikafuna kulembetsa dzina pachipata kapena mawu olimbikitsa pakhoma, itanani mmisiri wa m'dera lanu, ndipo muloleni agwire ntchito ana akuonerera. Ola limodzi limenelo ana aphunzira muyeso, kugawa malo ndi kuleza mtima, zinthu zimene timavutika kuziphunzitsa ndi choko. Ndipo pepala lililonse lopita m'manja mwa mwana, liyang'aneni kaye ndi maso a mwana amene saona bwino. Kwa inu ana anga: muli ndi mafoni a kamera m'matumba. Jambulani zikwangwani zapamanja kulikonse kumene muli, ku Limbuli, ku Chitakale, ku Luchenza, ku Ndirande, musanapeze kuti zafafanizidwa. Pemphani kaye kwa eni ake, ndipo ngati mmisiri akudziwika lembani dzina lake. Mukanditumizira ndidzazisonkhanitsa kuti kalabu yathu iziphunzirirapo.

Za Cooper Black, mugwiritseni ntchito mosangalala pamene pali chisangalalo. Mandasi ndi okoma pa tiyi wam'mawa, koma palibe amawapereka kwa alendo m'malo mwa nsima.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka inu a m'mashopu amene mumakumana ndi makasitomala okonda utawaleza, ndiuzeni momwe mumachitira nawo. Moni kwa onse kunyumba. Tionana ulendo wina.